Kagalu Koikiza

Kagalu kaja kanafika pakhomo pathu kali m'dengu la vitumbuwa. Mkazi wanga ankagulitsa vitumbuwa pafupi ndi geti la chipatala ku Mpanshya, ndipo namwino wina amene ankagula kwa iye m'mawa uliwonse anasamutsidwa kupita ku Lusaka. Kumene ankakakhalako eni nyumba sankalola agalu. Choncho anakasiya m'manja mwa mkazi wanga, pamodzi ndi kambale kake ndi kabulashi kopesera ubweya.

Nditakaona ndinafunsa ngati kanalidi galu. Kanali koyera, ubweya ngati thonje, miyendo yaifupi, maso obisika. Tambala wathu ankakaposa msinkhu. Agalu a kuno ndi ofiira ndi owonda, amagona paphulusa ndipo amadya chimene apeza. Aka kanalowa m'nyumba tsiku lomwelo, kananunkhiza mipando yonse, n'kusankha wanga.

"Kachotse," ndinatero.

"Mlendo sapirikitsidwa, imwe," anayankha mkazi wanga. "Khalani pa kampando ako."

Ndinakhala pa kampando kaja zaka zingapo.

Sindinganene kuti ndinkakakonda. Ndinkakapirira, monga mmene munthu amapirira wachibale wa mkazi wake amene wabwera kudzakhalitsa. Nsima yopanda msuzi sikankadya. Kankaiyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine, ngati kuti ndine ndaphika. M'mame sikankayenda. Kankaima pakhomo mwendo umodzi uli m'mwamba mpaka dzuwa liumitse udzu, kapena mpaka wina akanyamule. Koma ngolo ikamadutsa kankatuluka ngati mwala wa legeni, n'kukaima pakati pa njira kutsogolo kwa ng'ombe ziwiri, kakuuwa. Ng'ombezo zinkaima. Woyendetsa ankatukwana, ine ndinkapepesa, iko kankabwerera mchira uli m'mwamba.

Kanali ndi anthu ake amene kanawakana popanda chifukwa. Akatekisiti athu, munthu wofatsa, sanakhalepo pabwalo pathu mwamtendere. Mlongo wake wa mkazi wanga, alamu anga, kankawadikirira pachitsa cha pamphambano, ndipo akangotsika panjinga kankagwira mwendo wa thalauzi. Iwo ankakatcha kambuzi koyera. Ankati tsiku lina adzakawotcha ndi mchere.

Lamulungu kankatsatira mkazi wanga kutchalitchi n'kugona pansi pa benchi ya azimayi. Pa Misa yonse kankakhala chete. Anthu anayamba aseka, kenako anazolowera. Madzulo mkazi wanga ankakhala pamphasa n'kumakapesa, akukachotsa chisoso, akukauza nkhani za kuchipatala: amene wagonekedwa, amene watuluka, amene wadya vitumbuwa n'kuiwala kuti zikomo. Nkhani zambiri za mkazi wanga ndinazimva choncho, zikuuzidwa kwa galu ine ndili pambali ndikumata chubu cha njinga.

Anadwala m'nyengo ya mvula, chimanga chili m'mawondo. Sanadwale nthawi yaitali. Masiku omaliza ndinkagona kuchipatala, ndipo mwana wathu wamkazi anabwera kuchokera ku Lusaka kudzathandiza. Anthu amandifunsa ngati malemu anasiya mawu. Anasiya. Anati feteleza wachiwiri ali kuseri kwa chitseko, ndisachedwe kuthira. Za kagalu sananene chilichonse.

Za maliro ndimakumbukira zochepa. Ndimakumbukira kuti anthu anatulutsa mipando yonse m'nyumba. Ndimakumbukira utsi wa nkhuni zaziwisi. Kagalu kanauwa aliyense wolowa pabwalo mpaka azimayi ena anakatsekera m'khitchini, ndipo kumeneko kanapitiriza, mawu ake akumveka pansi pa nyimbo. Wina anandifunsa ngati akamasule. Ndinati achite chimene akuona. Ndinali kuyankha choncho pa chilichonse.

Kwa abale a mkazi wanga, maliro akatha amagawa katundu wa malemu. Nyumba, munda ndi zimene tinapeza limodzi sanakhudze. Anatenga zake za iye mwini: zitenje, nsapato, madiresi, chiwaya chokazingira vitumbuwa, beseni, nkhuku zake, ndi mbuzi imene anagula yekha. Zonse anaziyala pamphasa pabwalo. Wotsogolera anali amalume ake a malemu, mkulu wosamva bwino khutu limodzi, amene ankafuna kuti zithe msanga mvula isanagwe. Ankanyamula chinthu, n'kutchula woti atenge, munthuyo n'kuwomba m'manja.

Wamasiye pa mwambo umenewu salankhula. Amakhala pansi, pambali, mutu uli chowerama. Akatsegula pakamwa amati akulimbirana katundu ndi eni maliro. Ndinakhala pa thumba lopanda kanthu pafupi ndi nkhokwe.

Mphasa itatsala pang'ono kuyera, alamu anga analankhula.

"Nanga kambuzi koyera kaja?"

Anthu anaseka, koyamba chiyambire maliro. Amalume anatembenuza khutu labwino.

"Mbuzi tagawa kale."

"Ndikunena kagalu, amalume."

"Kagalu n'ka ndani?"

"Kanapatsidwa kwa malemu," anatero mayi wina. "Namwino uja anapatsa iye."

"Ndiye kuti n'ka malemu," anatero amalume. "Katulutseni."

Anakatulutsa m'khitchini, ubweya uli mwaye. Kanaima pakati pa mphasa n'kuyang'ana anthu onse mmodzimmodzi. Amalume analoza mwana wanga, poti ndiye anali woyenera. Mwanayo anati kumene amachita lendi salola ziweto. Anayang'ana kwa ine. Ndinaona mapazi ake akusuntha, ndipo ndinadziwa kuti akufuna ndinene kanthu.

"Ndikatenga ine," anatero alamu anga. "Anyani andimaliza kumunda kwa kuphiri. Aka thupi kalibe, koma pakamwa kali napo."

Ndimadziwa chimene anyani amachita ndi agalu. Ndili mnyamata ndinaonapo galu wamkulu wosaka atang'ambidwa pamimba ndi nyani mmodzi. Kagalu ngati aka nyani angakanyamule ndi dzanja limodzi. Ndinazidziwa zonsezi nthawi yomweyo, bwinobwino, monga mmene munthu amadziwira mtengo wa sopo. Ndinapitiriza kuyang'ana pansi. Panali nyerere zikukoka njere ya chimanga.

Alamu anawomba m'manja. Pokanyamula kanawaluma chala chachikulu, anthu anasekanso. Anakaika m'kireti ya zakumwa, n'kuphimba ndi thumba, n'kumanga pakaliyala ya njinga. Kambale kake anatenga. Kabulashi anakasiya pawindo, poti sanadziwe ntchito yake.

Wamasiye asanamasulidwe ndi abale a malemu sayenda m'makomo a anthu. Amapita kumunda kwake, kutchalitchi, n'kubwerera. Ndinathira feteleza uja, ngakhale nthawi inali itapita. Mwana wanga anabwerera kuntchito. Mipando inabwerera m'nyumba, ndipo mpando wanga unali wopanda munthu, koma ndinapitiriza kukhala pa kampando. Sindinachite kuganizira. Miyendo inkangopita pamenepo.

Anthu ankabwera kudzandiona. Tsopano ankangotulukira pabwalo popanda chochenjeza. Ndinkatukula mutu n'kupeza munthu waima kale patsogolo panga akuti odi. Ankandiuza kuti ndilimbe mtima, ine ndinkati zikomo. Ena ankati ndikulimba bwino. Sikunali kulimba. Munalibe kanthu koti ndilimbe nako. Chakudya ndinkadya, tulo ndinkagona, m'mawa ndinkadzuka.

Za kagalu ndinkaziganiza mmene munthu amaganizira khasu limene waiwala kumunda mvula ikugwa. Chimanga chinayamba kukhwima, ndipo ndi nthawi imene anyani amatsika m'phiri. Tsiku lililonse ndinkadziwa kuti mwina ndi lero. Akatekisiti, amene amayendera midzi ya kumeneko, anandiuza kuti anakaona.

"Akamanga pachilindo," anatero. "Kakuuwa kuyambira m'mawa. Mawu anatha, katsala kutsokomola. Koma ine kanandizindikira. Kanafuna kudula chingwe kuti kandilume."

Ananena akumwetulira, kuti mwina ndiseke. Ndinawafunsa ngati ndi kutali ndi thengo. Anati chilindo chili m'mphepete mwenimweni.

Anandimasula chimanga chitayamba kuuma masamba. Sizinatenge nthawi. Tinapemphera, amalume anandipaka ufa pamphumi ndi m'mapewa, n'kunena kuti alibe nane mlandu, ndinasunga mwana wawo bwino, ndine mfulu. Azimayi analuluta pang'ono. Alamu anga analipo, koma limenelo si tsiku lopempha kanthu. Pochoka anandigwira dzanja.

"Kali moyo kambuzi kanu, ba mulamu," anatero. "Satana satenga wake msanga."

M'mawa mwake ndinapopa njinga.

Munda wa alamu anga uli kutsidya kwa mtsinje, pansi pa phiri. Njira yake ndi ya miyala, ndipo mbali ina ndinayenda ndikukankha njinga. Ndinayamba kumva zitini zimene amapachika pa waya kuti ziziwopseza anyani. Kenako ndinamva kaphokoso kena, ngati munthu akucheka thabwa lonyowa. Kanali iko.

Anakamanga ndi mphira ya chubu pa mzati wa chilindo. Sikanalinso koyera. Ubweya unali wofiira ndi dothi, utapotana m'zibuma zodzaza chisoso. Khutu limodzi linali long'ambika, litauma magazi. Pamene kankafika ndi chingwe panali bwalo lozungulira, loyera ngati popunthira mapira.

Ndinaima. Kanasiya kuuwa n'kundiyang'ana. Sikanagwedeze mchira. Kanandiyang'ana nthawi yaitali, kenako kanauwa kawiri ndi mawu otha aja, n'kutembenuka, n'kukhala pansi katandipatsa msana.

Alamu anatsika pachilindo akuseka.

"Mwaona? Ndi mmene kamandichitira ine tsiku lililonse. Ngati ndine wantchito wake."

"Khutu latani?"

"Nyani. Chimphongo, chachikulu ngati imwe. Chinabwera mpaka apa. Ine ndinali kumtsinje. Ndinamva phokoso, ndithamanga, ndipeza aka kalendewera pa mchira wa nyani, nyani akuzungulira ngati wamwa kachasu. Ndikanachedwa pang'ono mukanapeza ubweya wokha." Anapukusa mutu. "Kopusa. Galu wanzeru amathawa."

"Ndiye abweranso."

"Abwera, nanga apite kuti? Chimanga chili pano."

Tinakhala pa chipika. Anandipatsa chimanga chootcha. Tinakamba za mvula, za mtengo wa matumba, za bondo lawo. Kenako ndinanena chimene ndinabwerera.

"Alamu, ndabwera kudzapempha kagalu."

Anasiya kutafuna.

"Imwe? Si imwe munkati kakulandani mpando?"

"Ndine."

"Manje mwakasowa?"

"Sindidziwa," ndinatero. "Koma pano kafa."

Sanaseke. Anataya chitsononkho patali.

"Kunena zoona, ba mulamu, ine kanditopetsa. Nsima kakana, kafuna msuzi. Kunyumba kamaliza mazira. Akazi anga akuti ndisankhe, iwo kapena iko. Koma mudziwa mwambo. Chimene chatuluka m'nyumba ya maliro sichibwereramo. Ine sindingakupatseni ndekha. Tiyeni kwa amalume."

Anakamasula pamzati. Ndinafuna kukanyamula koma kanakana. Kanayenda patsogolo pathu mpaka kumudzi, kakutsimphina pang'ono, osacheuka.

Amalume tinawapeza pakhonde pa alamu, akukhoma mpini wa khasu. Akazi a alamu anali pambali akusenda maungu. Tinapereka moni, tinakhala. Alamu anafotokoza mokweza, kukhutu labwino. Amalume anamva mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Iyayi. Takumasulani dzulo. Tinachotsa zonse za mwana wathu kuti mukhale bwino. Lero tibwezenso? Mawa mukadwala mutu adzati ndife tinakubwezerani malemu m'nyumba."

"Ndine Mkhristu, atate. Sindidzanena zimenezo."

"Imwe simudzanena. Abale anu adzanena."

Zimenezo zinali zoona. Patapita kanthawi ndinafunsa ngati ndingagule.

"Kugula!" Amalume anaika khasu pansi. "Tigulitse katundu wa maliro kwa wamasiye? Anthu amve kuti chiyani? Mwaphunzira imwe, musalankhule ngati mwana."

Ndinapepesa. Ndinaona kuti nkhani yatha. Ndinayamba kuganiza za njira yobwerera, pamene pali miyala, pamene ndiyenera kutsika. Kagalu kanali katakwera kale pa thumba la ufa limene linali pakhomo, kakutiyang'ana kuchokera pamwamba.

"Choka apo, iwe!" anakuwa akazi a alamu. Sikanasunthe. Anatembenukira kwa amuna awo. "Imwe, mbuzi zanu zija zili kwa asuweni anu kudambo, n'za ndani?"

"N'zanga."

"Zigona m'khola la ndani?"

"La asuweni. Ndinaikiza."

"Ndiye kaikizeni aka. Kachoke pa ufa wanga."

Kuikiza ndi chinthu chodziwika kuno. Munthu akakhala ndi mbuzi kapena ng'ombe koma alibe khola kapena msipu, amazipereka kwa mnzake kuti aziweta. Chiweto chimakhalabe cha mwini. Woweta amangosunga. Koma sindinamvepo munthu akuikiza galu, ndipo amalume nawonso anali asanamvepo. Anapempha kuti abwereze. Alamu anabwereza kukhutu, akuyesetsa kusaseka.

Amalume anatenga khasu lawo n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Sikabwerera," anatero pomaliza. "Kapita kukawetedwa. Mwini ndi uyu. Mwamva, akamwini? Si kanu, si ka malemu. N'ka uyu."

"Ndamva, atate."

"Akakafuna, abwera kudzatenga, imwe osakana. Kakabereka, ana ndi ake, imwe akupatsani mmodzi."

"N'kamphongo, amalume," anatero alamu.

"Ndiye palibe vuto. Kakadwala, mumuuze. Kakafa, musakwirire mwini asanaone. Mbuzi timasonyeza chikopa."

"Chikopa cha aka ndichita nacho chiyani ine?" anatero alamu. "Chipewa?"

"Udzaona ndi maso, basi. Mwambo ndi mwambo."

Ndinawomba m'manja, kwa amalume, kenako kwa alamu monga mwini chiweto. Alamu analandira atakhwimitsa nkhope ngati munthu amene wandiikiza ng'ombe zisanu. Akazi awo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kambale kaja, n'kundiponyera pamiyendo.

Pobwerera ndinakaika m'kireti yomwe ija, koma kanalumpha kawiri. Ndinavula jekete n'kuyala mkati, ndipo kanakhala. Njira yonse kanayang'ana kumbali. Pa mtsinje ndinatsika kuti kamwe madzi. Kanamwa, kenako kanaima m'mphepete mwendo umodzi uli m'mwamba, kudikira kuti ndikawolotse.

Kunyumba ndinatenga sizasi. Ubweya sunali wopeseka, ndinangometa wonse. Pansi pake panali kanthu kakang'ono kwambiri, nthiti zikuwerengeka, khungu lofiirira ngati la khoswe. Ndinatsuka khutu ndi madzi a mchere. Kanandiluma padzanja, osati kwambiri. Ndinaphika, ndinathira msuzi wa nyemba pa nsima yake. Kanadya theka, n'kulowa m'nyumba.

Ndinaganiza kuti mwina madzulo amenewo ndidzamva kanthu, poti anthu amati chisoni chimadikira mpata. Ndinakhala panja mpaka dzuwa kulowa. Sindinamve kanthu. Ndinangoona kuti ntchito imene inatsala yachitika.

Papita zaka tsopano. Ubweya unameranso, koma khutu linakhala lopindika, ndipo mawu sanabwerere onse. Kamauwabe ngolo, ngakhale masiku ano ng'ombe siziima. Kutchalitchi sikapita. Kamandiperekeza mpaka pachitsa cha pamphambano n'kubwerera. Sindikauza nkhani, chifukwa ndilibe zambiri. Timakhala, ine uku, iko uko. Ndikachedwa kuphika kamagwetsa kambale pansi ndi mwendo, kamodzi, n'kundiyang'ana.

Mwana wanga akaimba foni amafunsa za ine, kenako za kagalu. Amati, "Atate, kagalu kanu kali bwanji?" Ndimamuuza kuti si kanga. Amaseka, amaganiza kuti ndi nthabwala.

Alamu amapitira pano akamapita kuchigayo. Amaima pamsewu, phazi limodzi pansi.

"Odi, oweta! Chiweto changa chili bwanji?"

"Chilipo."

"Mukuchidyetsa? Ndikuona chaonda. Ndidzatenga ine, mukasewera."

Amanena moseka, ndipo sanatengepo. Koma chaka chatha anyani anavutanso, ndipo ananena kawiri pa ulendo umodzi. Ndinayang'ana nkhope yawo kuti ndione. Sindinathe kudziwa. Akadzanena moona ndidzakaika m'kireti, chifukwa ndinawomba m'manja pamaso pa amalume.

Kakalamba tsopano. Maso achita mtambo, ndipo pampando sikatha kukwera kokha, ndimachita kukakweza. Mwezi wathawu kanakana chakudya masiku angapo, kakungogona pakhomo. Ndinapopa njinga n'kupita kutsidya kukanena, monga amalume anandiuzira. Alamu anali kumunda. Anamvetsera, anapukuta manja pa thalauzi.

"Mwabwera njira yonseyi chifukwa cha zimenezo?"

"Amalume anati kakadwala ndinene."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kuphiri.

"Chabwino, ndamva," anatero. "Kaphikireni kapenta. Mukaone ngati kadya."

Ndinagula tinsomba ta kapenta pobwerera. Kanadya pang'ono.